Fredrick Sanapite ku Joni

A Yotamu Kampira anagwira ntchito zaka makumi awiri m'nyumba yosungiramo katundu ku Brampton, m'dziko la Canada, kuyendetsa kagalimoto konyamula mabokosi. Anzawo ankawadziwa kuti ndi munthu wosachedwa pantchito, komanso wosakamba za kumudzi. Atapuma ntchito anakakhala kwa mwana wawo Selina, yemwe ndi namwino, m'chipinda chapansi chimene zenera lake limangoonetsa miyendo ya anthu othamangira basi.

Kwawo ndi ku Neno, kufupi ndi malire a Mozambique. Anabadwa awiri, iwo ndi mkulu wawo Fredrick. Ana a m'banjamo anakula akumva kuti Fredrick anapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi ndipo anatchona.

Loweruka lina masana Selina anatsika ndi pepala m'manja, akumwetulira.

"Adadi, ndabukitsa ndege. Mu Disembala tikupita ku Joni."

"Kukatani?"

"Kukafunafuna abambo aakulu. Ndapeza a Kampira atatu pafoni, wina mphuno yake ndi yanuyo ndithu. Mukanasowa inuyo, si bwenzi mukufuna kuti wina akufuneni?"

A Yotamu analiyang'ana pepalalo nthawi yaitali, kenako analipinda bwinobwino n'kuliika pabondo.

"Khala pansi, mayi."

Anayamba kufotokoza pang'onopang'ono, maso ali pazenera. Fredrick anali mphunzitsi. Mu 1964, nduna zitasemphana ndi boma, iye anatsanzika kwa amayi awo kuti akupita ku Joni, koma anatsatira anzake othawira ku Tanzania. Patapita zaka zitatu, mwezi wa Okutobala, anabwerera ali m'kagulu ka othawa kwawo amene analowa ndi mfuti kudzera m'nkhalango za m'malire. Asilikali anawatsekereza m'mapiri, mfuti zinalira masiku angapo, kenako kunati zii.

Nthawiyo a Yotamu anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anapita kukhwawa kukadula nsungwi ndipo anapeza munthu ali chafufumimba pafupi ndi madzi. Nkhope sanayione. Anadziwa kuti ndi Fredrick poona chipsera cha khasu pachidendene, chimene anamutema iwo omwe ali ana.

Anakaitana abambo awo. Awiriwo anakumba ndi zikwanje, popanda mphasa, popanda nyimbo. Atakwirira, abambo awo anati, "Amayi ako asamve. Akamva alira, akalira mudzi umva, ndipo wolira maliro a chigawenga amamutenga."

Amayi aja anadikira zaka makumi awiri ndi chimodzi. Munthu aliyense wotsika basi ndi sutikesi ya ku Joni ankamulondola mpaka kwawo kukamufunsa. Chaka ndi chaka ankasunga tambala mmodzi wodzaphera Fredrick, wosagulitsa, wosapatsa mlendo wina, mpaka ankafa ndi ukalamba. Tsiku lomwalira anagwira a Yotamu dzanja.

"Akabwera umuuze kuti sindinakwiye."

"Ndimuuza, amayi."

Selina anali atagwira pakamwa. Kenako anati, "Koma adadi, boma lija linatha kalekale. Bwanji simunanene?"

"Linatha, inde. Koma woyenera kumva anali atagona kale. Ndikanauza ndani?"

Panja basi inaima n'kunyamukanso. A Yotamu anasisita imvi zawo.

"Kwathu maliro akatha, abale amameta. Ndi pamene wakufayo amapita, otsala n'kubwerera kumunda. Abambo tinawametera, amayi tinawametera. Mkulu wangayu sitinamumetere."

Selina anakwera m'mwamba n'kubwera ndi makina ometera a amuna ake. A Yotamu anapukusa mutu.

"Lezala, mayi. Ndi madzi ofunda."

Selina anayala nyuzipepala pansi. Iwo anavula malaya n'kukhala pakampando, msana utawerama. Selina, amene amasambitsa nkhalamba za eni tsiku lililonse, anayamba kuwameta abambo ake. Tsitsi loyera linayamba kugwera papepala.

Lezala litafika pankhongo, mapewa a a Yotamu anayamba kugwedezeka. Selina anaima kuti asawacheke. Anali asanamvepo abambo ake akulira, ngakhale pamaliro a mayi ake. Mawu anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa.

"Achimwene anga ine! A Fredrick!"

Analira mpaka madzi a m'beseni anazizira. Kenako anapukuta m'maso ndi chikhatho, anayang'ana pansi pamene panali tsitsi lija, n'kunena motsitsa:

"Amayi akuti sanakwiye."