Mmene a Fusae Anasamutsira Momiji wa a Okuno

Mlamu wanga, a Fusae Kuwabara, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza chimodzi, ndipo akukwerabe makwerero. Ine ndinakwatira mng'ono wawo. Nditapuma pa ntchito yoyendetsa malole, anandiuza kuti mwamuna wongokhala pakhomo amawola msanga, choncho ndiziwayendetsera kalole kawo ka kireni. Sanandifunse maganizo. Papita zaka khumi ndi zinayi.

Ntchito yawo ndi kusamala mitengo ya m'makomo mwa anthu, makamaka momiji, mtengo womwe masamba ake amafiira asanayoyoke. M'tauni yathu ino ya m'mapiri a Gifu, khomo lopanda momiji ndi la mlendo. Bambo awo ankagwira ntchito yomweyi. Analibe mwana wamwamuna, ndiye anapatsa a Fusae lumo ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, anthu akuseka.

Lumolo saligwira kawirikawiri. Tinthambi ta momiji amathyola ndi zala, chifukwa amati mtengowu umadana ndi chitsulo. Amayambira pamwamba n'kumatsika, kuchotsa nthambi zopingasana, zoloza kumwamba ngati mkondo, ndi zobwerera kuthunthu. Akamaliza sudziwa kuti padutsa munthu. Umangoona kuti dzuwa layamba kufika pansi. Mwini khomo akadandaula kuti sanadule kanthu, amamulozera mulu wa nthambi uli pa lole.

"Ngati mukufuna kumeta mpala, wometa ali pafupi ndi siteshoni," amatero.

Pali mtengo umodzi womwe sautchula kuti wa eni ake. Unali pakhomo pa a Jinpachi Okuno, ophika tofu, chakudya chopangidwa ndi soya. Chaka choyamba cha ntchito yawo, mu Febuluwale, bambo awo ali gone ndi chimfine, a Fusae anapita okha kukadula nthambi yaikulu ndi sowo. Imeneyo ndi nthawi yomwe madzi amakwera mumtengo. Bala linadontha masabata atatu ndipo mbali imodzi inatsala pang'ono kuuma. Bambo awo sanakalipe. Anangoti, "Umenewo ndi wako tsopano."

Chipsera chikadalipo, chachikulu ngati mbale. Kuyambira chaka chimenecho, masamba akangoyoyoka a Fusae ankapita kukaudulira, ndipo nthawi yotentha ankakagwada patsinde kufufuza utuchi wa mbozi zoboola thunthu. Zaka makumi asanu ndi ziwiri, osaphonya.

Tsiku lina tikupita kukafufuza mbozizo, tinapeza zikhomo zofiira m'mbali mwa msewu. A Fusae anatsika, nawerenga mapazi kuchokera pachikhomo kukafika pamtengo. Mtengo unali m'kati mwa msewu watsopano. Theka la nyumba nalonso.

A Okuno, omwe tsopano anali ndi zaka makumi asanu ndi atatu n'kanthu, anatiyang'ana ali pakhonde.

"Za msewuzo ndinayamba kuzimva mano onse akadalipo," anatero. "Sindisamuka ine. Sumie anabwera dzulo ndi nkhani yomweyo, ndinamubweza pakhomo. Aliyense wonena za kusamuka asadzapondenso pano."

Sumie ndi mwana wawo wamkazi, wokhala kutsidya kwa mtsinje.

Mtengo wa zaka makumi asanu ndi limodzi suzulidwa ngati mbande ya kabichi. Mizu yomwe imamwa madzi ili kutali, kunsonga. Ukauzula lero, wafa. Umayamba wakumba ngalande mozungulira, n'kudula mizu, kusiya itatu kapena inayi yaikulu kuti igwire mtengo. Kenako umakwirira ndi dothi labwino n'kudikira. Mtengo umatulutsa timizu tatsopano pafupi ndi thunthu, ndipo timeneto ndi tomwe umasamuka nato. Ukakhala wokalamba, umakumba theka chaka chino, theka chaka chamawa, kenako kudikira zaka zina ziwiri. Aliyense kuno amadziwa zimenezi. A Okuno nawonso amazidziwa, ndipo akanamva dzina la ntchitoyo akanatithamangitsa.

Mu Disembala tinapita kukadulira monga mwa masiku onse, koma ndi mafosholo awiri. Nthawi ya teni koloko a Okuno anatuluka ndi tiyi ndi timakeke ta nyemba. Anapeza ine ndili m'dzenje lofika m'mawondo.

"Iwe Fusae, ukukumba manda a yani pakhomo panga?"

"Manyowa, a Okuno. Mtengo wanu waonda ngati eni ake."

"Manyowa ofuna sowo?"

"Ndi a masiku ano. Khalani pansi, tiyi akuzizira."

Anandiyang'ana ine. Ine ndinayang'ana fosholo.

"Nanga mlamu wakoyu akutulukiranji thukuta m'chisanu chino?"

"Sanazolowere ntchito. Zaka makumi anayi anangokhala pampando n'kumaliza hutala."

A Okuno anaseka mpaka kutsokomola, nabwerera m'nyumba. Maso awo anali atayamba kale kuchita khungu, ndipo zimenezo zinatithandiza.

Chaka chotsatira tinakumba theka linalo. Anatiuza kuti manyowa athu ndi achabe, chifukwa masamba anachepa ndipo anafiira msanga. Ankanena zoona. A Fusae anayankha kuti ndiye chifukwa chake tikuwonjezera.

Kalata ya a msewu inabwera msanga kuposa mmene tinkayembekezera. Inati malo akhale opanda kanthu pofika Chaka Chatsopano. Ngalande yachiwiri inali isanakwanitse n'chaka chomwe, pamene a Fusae ankafuna ziwiri. Mwezi womwewo a Okuno anaterereka kubafa, ndipo atagona masiku anayi m'chipatala anavomera zopita kwa Sumie. Anaimba foni tili pa nkhomaliro.

"Fusae, bwera udzadule. Sindifuna kuti augwetse a msewu ndi chimakina chawo. Ukanakhala wosamutsika bwenzi titayamba kale, koma nthawi yatha. Unauyamba ndiwe, umalize ndiwe."

"Lachiwiri lachiwiri la Disembala," anatero a Fusae, naika foni pansi.

"Bwanji osawauza?" ndinafunsa.

"Ndiwauze, kenako tikafukule tikapeze pansi palibe mizu? Ndiye kuti ndawadulira mtengo kawiri. Idyani, alamu."

Tsikulo tinapeza a Okuno atavala jekete yawo ya pa zikondwerero, Sumie atawagwira mkono. Pampando panali botolo la mowa wa mpunga ndi mbale ya mchere, zowaza mbali zinayi za mtengo usanadulidwe. A Okuno anatapa mchere m'dzanja.

"Dikirani kaye," anatero a Fusae. "Mchere umawononga mizu."

"Mizu ya mtengo womwe ukufa lero?"

"Alamu, fosholo."

Ndinakumba kunja kwa ngalande yakale, mbali yomwe tinayambira. Nditafika m'mawondo anandikankha, nagwada okha n'kuyamba kufukula ndi manja. Kenako anakweza dothi lodzaza dzanja, ndipo silinagumuke. Linali lolukana ndi timizu toyera, tothithikana.

Tinapita mbali inayo. Kumeneko anafukula nthawi yaitali. Timizu tinalimo, koma apa ndi apo.

"Mbali iyo ndi ndevu za a Okuno," anatero akudzuka. "Mbali ino ndi mutu wa alamu. Komabe tsitsi ndi tsitsi."

A Okuno anawerama, nakhudza timizuto ndi chala. Mchere unali ukadali m'dzanja linalo.

"Manyowa aja!"

"Omwewo."

"Mfiti iwe! Zaka ziwiri ukundinamiza pakhomo panga, ukumwa tiyi wanga!"

"Ndi timakeke tomwe."

"Iwenso, Sumie, unkadziwa?"

"Ine munandithamangitsa, bambo. Ndikanadziwira kuti?"

Anabwezera mchere m'mbale. Mawu awo anatsika. "Ukhala moyo?"

"Sindikudziwa," anatero a Fusae. "Ndinkafuna chaka china. Tidzaona mu Epulo. Ukauma ndidzaudula ndekha, mowa wanuwo sudzawonongeka."

Ntchito inatenga masiku awiri. A Fusae anachotsa nthambi imodzi mwa zitatu zilizonse, chifukwa mizu yochepa singamwetse mutu waukulu. A Okuno ankakuwa pa nthambi iliyonse ngati akudulidwa ndi iwo. Tinadula mizu yaikulu inayi ija, tinakulunga dothi ndi ziguduli, n'kumanga ndi chingwe cha mapesi a mpunga, ine ndikukoka, a Fusae akumenya chingwe ndi nyundo yamtengo kuti chilimbe. Tisananyamule, anamanga kansalu kofiira pathunthu, mbali yoyang'ana kumwera.

Kireni yathu ndi yakale ndipo imalira. Mtengo utachoka pansi, anthu a m'sitolo zoyandikana anatuluka kudzaonera. Tinaugoneka pa lole, mutu kumbuyo. Sumie anatsegulira bambo ake chitseko cha galimoto yake, koma iwo anakana.

"Ndikwera momwe wakwera mtengo."

Anakhala pakati pa ine ndi a Fusae, botolo lili pamiyendo. Umo ndi momwe anasamukira munthu amene analumbira kuti sadzasamuka. Nyumba sanaicheukire. Ankayang'ana pagalasi, kuona ngati nthambi sizikugunda mawaya.

"Chepetsa liwiro, iwe! Ukuganiza wanyamula simenti?"

Njinga zinkatipitirira. Pa mlatho tinadutsa ngati maliro, koma oseka.

Kwa Sumie kunabuka mkangano wina. Iye ankafuna kuti mbali yokongola iyang'ane kumsewu, chipsera chibisike kukhoma.

"Iyayi," anatero a Fusae. "Kansaluko kayang'ane kumwera monga kale. Khungwa lomwe lakula mumthunzi ukalionetsa dzuwa limapsa. Mtengo si kabati."

Ndinatembenuza pang'onopang'ono mpaka kansalu kanaloza kumwera. Titautsitsa m'dzenje, chipsera chija chinali chitayang'anizana ndi windo la chipinda cha a Okuno, ndendende.

"Ambuye!" anatero iwo. "Zaka makumi asanu ndikuona ntchito yako yoipayi, ndiionenso kuno m'mawa uliwonse?"

"Muzitseka katani."

Tinathira dothi ndi madzi ambiri, n'kumasonkhezera ndi ndodo kuti matope alowe paliponse pasatsale mpata. Tinachirikiza ndi nsungwi zitatu, n'kukulunga thunthu ndi ziguduli. Zatha. Chotsala chinali kudikira, ndipo kudikira kulibe chida.

Chipale chofewa chinagwa kambiri chaka chimenecho. A Okuno anaika botolo lija pawindo, losatsegula. Kuyambira mu Malichi ankaimba foni m'mawa uliwonse.

"Palibe kanthu."

"Ndi Malichi, a Okuno. Ngakhale momiji wa ku kachisi sunaphuke."

Epulo anafika. Wa ku kachisi unaphuka. Wa kwa oyandikana ndi Sumie, wa kusukulu, wa kwathu, yonse inaphuka. Wathu uja unangoti njo, nthambi zokhazokha. A Fusae anasiya kunditukwana, ndipo mkazi wanga anati chimenecho ndi chizindikiro choipa. Kawiri konse tinapatuka popita ku ntchito zina, a Fusae n'kukakanda khungwa ndi chikhadabo. M'kati munali mobiriwira.

Pa 19 Epulo foni inalira tikukweza makwerero pa lole.

"Fusae, bwera. Ubwere ndi mlamu wako waulesiyo."

"Kwagwanji?"

"Ndati bwera!"

Tinawapeza panja atavala jekete ija, koma ndi masilipasi a kubafa. Kuchokera pageti mtengo unkaoneka ngati wapakidwa utoto wofiira pang'ono. Titayandikira tinaona timasamba topindika, tofiira, tosakwana chikhadabo, pa nthambi iliyonse. Mbali ya ndevu tinali tambiri. Mbali ya mutu wanga tinali tochepa, koma tinalipo. Nthambi imodzi yokha, yammunsi, ndi yomwe inauma.

A Fusae anazungulira mtengo kawiri, manja ali kumbuyo. Kenako anati, "Alamu, nsungwi iyi mwamanga ngati mwana wa sukulu." Ndinadziwa kuti achira.

Sumie anabweretsa timakapu. A Okuno anatsegula botolo, nathira pang'ono patsinde, kenako nathirira a Fusae mpaka kusefukira. Ine sindinamwe chifukwa ndinali woyendetsa. Anandipatsa tiyi n'kumandiseka.

"Nanga mchere uja?" anafunsa a Fusae.

"Tinadya kale m'ndiwo," anatero Sumie. "Bambo anati ndi wokoma."

Kapu yachitatu itatha, a Okuno analoza nthambi youma ija ndi ndodo yawo.

"Imeneyo ikundinyansa. Sowo uli nayo pa lole, idule."

A Fusae anayang'ana nthambiyo, nayang'ana chipsera.

"Mu Disembala," anatero. "Pa mtengo uwu ndinaphunzira kale. Thiraninso."