Bawuti Imene Inakanira Atelala

Mumsewu umenewo palibe amene sawadziwa Atelala. Ndi mayi wamfupi, wa imvi zimene sazibisa, amene wasoka mayunifomu a ana asukulu kwa zaka zoposa makumi atatu. Ali ndi magalasi awiri, ena osokera, ena oyendetsera galimoto, ndipo akawasokoneza amatukwana magalasiwo, osati maso awo.

Galimoto yawo ndi kapikapu koyera kamene malemu amuna awo anasiya. Bamboyo anali dalaivala wa malole, munthu wosafuna kuti makaniko amugwirire galimoto. Loweruka lililonse ankalowa pansi pake, Atelala n'kumawapatsira zida. Masipanala anawadziwira pamenepo, ndi manambala ake omwe. Maliro atatha, achibale ankayembekeza kuti kapikapu kagulitsidwa. Atelala anakaphunzira kuyendetsa ali ndi zaka makumi asanu ndi zinayi, ndipo kuyambira pamenepo mayunifomu amakapereka okha m'masukulu.

Vuto linayamba ndi kugogoda kutayala lakutsogolo lakumanzere. Mwana wawo woyamba, amene amamutchula kuti Abwana chifukwa cha mataye ake, anamva phokosolo atakwera nawo tsiku lina.

"Amayi, chiphaphachi chidzakuphani," anatero. "Chipinda chanu kwathu chilipo kale. Gulitsani izi muzikapuma."

"Kupuma ndidzapuma kumanda, mwanawe."

"Loweruka ndibwera ndi ogula zitsulo zakale."

"Bwera nawo. Ukadzaipeza ili pajeke, adzaitenge. Koma ikadzaima ndi matayala ake, nkhani ya chipindayo usadzaiyambenso."

Mawu anatuluka asanawayeze, koma Atelala si munthu womeza malovu amene walavula. Ankadziwa bwino chimene chinali pachiswe. Galimoto ikapita, masukulu apita. Masukulu akapita, makina osokera akakhala pakona ataphimbidwa nsalu, iwo ali pampando kwa mpongozi, kudikira kuti wina awafunse ngati akufuna tiyi. Zimenezo zinkawaopsa kuposa ngozi ya pamsewu.

Lachiwiri anakweza galimoto ndi jeke, kuichirikiza ndi zitsulo, n'kuchotsa tayala. Chimene chinatha ndi chitsulo chogwira tayala kunsi, chimene amakaniko amati mkono wapansi. Chatsopano anali atagula kale pamodzi ndi bawuti yake, chili pa nsalu pakhonde. Manati onse anamvera. Inatsala bawuti imodzi yaitali yodutsa m'kati mwa labala wa mkonowo, ndipo imeneyo inakana kwamtu wagalu. Akaipotokola ndi sipanala, inkayenda pang'ono n'kubwerera pomwe inali.

Mtima utawatentha, anatenga hamala n'kuyamba kuimenya kunsonga. Apa ndi pomwe analakwa. Malemu ankanena nthawi zonse kuti bawuti imamenyedwa nati ili pomwepo, koma mkwiyo sukumbukira malangizo. Nsongayo inaphwatalala ngati bowa. Tsopano ngakhale ikanati imasuke, sikanadutsanso pabowo.

Phokoso la hamala linaitana neba wawo, makaniko wopuma ntchito amene msana unamuletsa kugwada koma pakamwa ayi. Anasuzumira, n'kupukusa mutu.

"Mayi, dzimbiri laiphatikiza ndi kapaipi kam'kati mwa labalayo. Zakhala chinthu chimodzi. Apa mpofunika moto wa kugalaja."

"Ndiye ndiisenze pamutu mpaka kugalajako, achimwene?"

"Ine ndangonena. Mwamuna wanu akanakhalapo..."

"Palibe. Ndilipo ndine."

Lachitatu lonse anathira mafuta ofewetsa dzimbiri, kudikira, kupotokola, kumenya. Bawuti osasuntha. Madzulo analira pang'ono kukhitchini, chitseko atatseka kuti neba asamve.

Lachinayi m'mawa anakhala pamakina chifukwa panali buluku la mwana wina lofunika kukulitsa. Anatenga lezala, kutsegula pang'ono pakati pa nsalu ziwiri, n'kuyamba kudula ulusi umodziumodzi, monga achitira moyo wawo wonse. Mtsikana aliyense amene anamuphunzitsapo kusoka anamva mawu omwewo: msoko sukokedwa, ukaukoka ung'amba nsalu, umadula ulusi pakati. Lezala linaima m'dzanja. Masiku awiri akhala akukoka msoko ngati wophunzira.

Analowanso pansi pa galimoto ndi tochi. Pakati pa labala wa mkono ndi chitsulo cha galimoto panali kampata mbali zonse ziwiri, kochepa, koma bawuti inkaoneka. Sowo yodulira zitsulo sikanalowa ndi chogwirira chake. Anamasula mpeni wake wokha, kukulunga mbali imodzi ndi chigamba cha yunifomu yabuluu, kudontheza mafuta a makina osokera, n'kuyamba kucheka.

Aliyense amene anachekapo bawuti yolimba atagona chagada adziwa kuti ntchitoyo ilibe ulemu. Mpeni unkayenda utali wa chala chimodzi basi. Dzimbiri linkagwera m'maso, m'makutu, m'kamwa. Neba anabweretsa mpando wake pafupi ndi mpanda kuti aonerere bwino.

"Mudzamaliza chaka chamawa, mayi!"

"Mudzakhalapo kuti muone?"

Mpeni woyamba unathyoka masana. Wachiwiri unatha mano. Zala zimene zimalowetsa ulusi pasingano osayang'ana zinatupa n'kuchita matuza, ndipo Atelala anazimanga ndi zigamba zina. Lachisanu dzuwa likupendeka mbali imodzi inaduka. Mbali yachiwiri anaiyamba pomwepo, mapewa akuyaka.

Loweruka m'mawa Abwana anafika, kumbuyo kwake kuli lole ya ogula zitsulo. Galimoto yake anaiimika pageti penipeni. Anapeza kapikapu kali pajeke, miyendo ya amayi ake itatulukira kunsi, nsapato imodzi itavuka.

"Amayi, tulukani. Tinagwirizana."

Kucheka sikunaime.

"Amayi!"

"Loweruka la kwanu limatha nthawi yanji?" mawu anachokera pansi. "La kuno limatha dzuwa likalowa."

Mwanayo anawerama n'kuona zigamba za m'zala zitafiira ndi magazi. Mawu ake anasintha.

"Mukudzizunziranji chonchi? Ine ndikungofuna kuti mukhale bwino."

"Ndikudziwa, mwanangu. Koma ukufuna ndikhale bwino nditakhala pansi. Tasuntha, ukunditchinga kuwala."

Anasuntha. Amuna a lole anayang'anana, wina n'kuyatsa fodya. Kwa mphindi makumi awiri m'bwalomo munkangomveka kulira kwa mpeni pa chitsulo. Kenako panamveka kuti thwa, ndipo mkono wakale unalendewera. Atelala anaugwedeza kawiri, unagwa pasimenti, chidutswa cha bawuti chidakali m'kati mwake. Anaukankhira kunja ndi phazi mpaka unakaima pa nsapato zonyezimira za Abwana.

"Apatse anzakowo. Asabwerere chimanjamanja."

Neba anaseka mpaka kutsokomola. Lole inanyamuka ndi chitsulo chimodzi chokha.

"Tsopano ndipatsire mkono watsopanowo pakhondepo, ndi bawuti yatsopano, ndi girisi. Iyi ndiipaka kuti wodzaimasula asadzatukwane ine. Ubwerenso ndi sipanala ya 18."

Abwana anaima pa bokosi la zida, manja ali lende.

"Ndi iti?"

"Werenga nambala. Ndi mmene bambo ako anandiphunzitsira."

Mwanayo anavula jekete, kulowetsa taye m'thumba, n'kugwada pa girisi ndi buluku lake la ku ofesi. Anagwirizira mkono pomwe anauzidwa, ndipo atalakwitsa anakalipiridwa ngati mwana wa zaka khumi. Anabwezera tayala, kutsitsa galimoto, Atelala n'kulowanso pansi kukamangitsa bawuti komaliza galimoto itaima ndi kulemera kwake, monga malemu ankachitira.

Atatuluka anasamba m'manja, kusintha magalasi, n'kukweza mitolo itatu ya mayunifomu kumbuyo. Injini inalira. Anatsitsa galasi la pawindo n'kuyang'ana mwana wawo, amene anali chilili ndi sipanala m'manja, mawondo ali bii.

"Bulukulo ulisiye ndidzalichapa. Koma chotsa galimoto yakoyo pageti, Abwana. Ena tili ndi ntchito."