Mawu Amene Sikina Anatola pa Chileka

Chaka cha 1971, zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zitatuluka, dzina la Sikina wa ku Lirangwe panalibe. Aka kanali kachiwiri. Bambo ake, Che Ajibu, anali atamwalira dzinja lomwelo, ndipo amalume ake ananena poyera kuti za sukulu zatha, mwana apite kubanja.

Inu amene mwagwa mphwayi lero, tamvani za mtsikana ameneyu.

Chimene chinkamugwetsa Sikina si umbuli ayi. Kwawo ankalankhula Chiyao, koma boma linali litalamula kuti m'sukulu zonse ana aziphunzira Chichewa. Akaimirira kuti ayankhe funso, mawu a kwawo ankamupulumuka, kalasi yonse n'kufa ndi chiseko. Tsiku lina ananena kuti "mesi" m'malo mwa madzi, aphunzitsi n'kumugwaditsa padzuwa. Kuyambira pamenepo anatseka pakamwa. Ankakhala kumbuyo, osafunsa kanthu ngakhale zitamupita, mpaka anakhulupirira kuti chilankhulo cha mayi ake ndi chilema.

Ukwati anaukana. Anathawira ku Chileka kwa mayi ake aang'ono, a Zaituni, n'kuyamba kugulitsa zitumbuwa panja pa chipata cha bwalo la ndege.

Masiku amenewo ndege zinkanyamula amuna opita kumigodi ya ku Joni ndi kubweza amene amaliza kontalakiti. Obwererawo ankatsika ndi zipewa, mabulangete, mawayilesi, komanso malilime achilendo amene ankanyadira nawo pogula zitumbuwa. Wina anapempha "amanzi" pofuna madzi. Wina ananena za "umuntu". Sikina anatchera khutu. Kwawo munthu amati "mundu". Nanga zinatheka bwanji kuti anthu akutali chonchi atchule pafupifupi chimodzimodzi?

Anayamba kufunsa. Nyama kumeneko amati chiyani? Nanga njoka, nanga mvula? Mayankho ake ankamusiya kukamwa yasa. A Zaituni zinkawachititsa mantha, chifukwa inali nthawi imene wofunsafunsa ankatha kukagona kupolisi. Tsiku lina anyamata a chipani a Yufi anamupanikiza kuti amakamba chiyani ndi anthu ochokera kunja. Anawaonetsa khadi la chipani, iwo n'kumudyera zitumbuwa osalipira. M'mawa mwake anali pomwepo, akufunsabe, koma chapansipansi.

Mu Okutobala wina, dzuwa likuswa mtengo, pachipata panatuluka mayi wovala zakuda, mwana kumsana, sutikesi kumanja. Anali atatsika ndege ya ku Rodeshiya ndipo panalibe womulandira. Anayenda kwa ogulitsa mmodzimmodzi akungoti, "Mvura, mvura." Amayi anayang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe, n'kumaseka kuti mwina mutu si wabwino.

Sikina anayang'ana milomo ya mwanayo, yong'alukang'aluka. Anaganiza kuti kapena kwawoko mvula ndi madzi dzina lake ndi limodzi. Anatenga chigubu chake n'kumupatsa. Mayiyo anamwetsa mwana, naye anamwa, kenako anagwada n'kuwomba m'manja misozi ikutsika.

Anakhala pamthunzi wa mango n'kuyamba kutolerana mawu. Mayiyo ankalankhula Chishona. Atati "murume", Sikina anamva "jwamlume" wa Chiyao, mwamuna. Atati "akafa", sipanafunike womasulira. Atati "musha", Sikina anamva "musi", mudzi. Nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Mwamuna wake, January, Mmalawi wogwira ntchito kufamu ya fodya, anali atamwalira. Asanatsirizike anamulumbiritsa mkazi wake kuti akaonetse mwanayo kwa agogo ake. A mpingo anasonkherana tikiti. Mudzi wa mwamunayo unali ku Lirangwe.

Ku Lirangwe ndi kumene kunali amalume ake a Sikina ndi mwamuna amene ankafuna kumukwatira. Komabe anasiyira a Zaituni dengu lake, nanyamula sutikesi, n'kukwera naye lole mlendoyo.

Mayi ake a January anawapeza akusenda chinangwa pakhonde, osadziwa kuti mwana wawo anaikidwa kale m'manda. Anthu anasonkhana, amalume ake a Sikina ali pomwepo. Panalibe wina woti n'kufotokoza. Mtsikana amene ankaopa kutsegula pakamwa m'kalasi anaimirira n'kumatenga mawu kwa mlendo, kuwapereka m'Chinyanja kwa ena, m'Chiyao kwa ena. Pena ankaphonya n'kubwereza. Palibe anaseka. Atamaliza, gogoyo anamasula mwana kumsana kwa mpongozi wake n'kumufungatira, maliro n'kuyamba.

Atabalalika anthu, amalume anamuitana pambali. "Za ukwati zija tazisiya," anatero. "Ukufuna chiyani iweyo?"

"Ndikufuna ndilembenso mayeso, amalume."

Analemba kachitatu ndipo anakhoza, koma ku sekondale sanasankhidwe. Analembetsa sukulu ya pakalata, mabuku akuwerengera pambali pa dengu la zitumbuwa. Masamu anamugwetsa pa JC, anabwereza. Anakwatiwa ndi mwamuna wodzisankhira yekha, anabereka, anaphunzira uphunzitsi, koma kuwerenga sanasiye. Pamene ankalowa ku yunivesite ku Zomba anali atapitirira zaka makumi atatu, ndipo ana a m'kalasi ankamutchula kuti amayi.

Kumeneko ndi kumene anamva kuti zimene ankatola pachipata zija akatswiri anazifufuza kalekale. Chichewa, Chiyao, Chilomwe, Chishona, Chizulu, Chiswahili ndi zina mazanamazana ndi za banja limodzi lotchedwa Chibantu. Makolo a anthu onsewa anachokera chakumadzulo, kumalire a Cameroon ndi Nigeria, n'kumafalikira pang'onopang'ono ndi mbewu zawo ndi mawu awo. Tsiku limenelo Sikina analephera kulemba manotsi. Anangokhala, misozi ili m'maso.

Atamaliza maphunziro anapempha kukaphunzitsa kwawo. Loweruka lililonse ankamanga tepi rekoda pakaliyala ya njinga n'kuzungulira midzi, kujambula nyimbo ndi mbiri za Amang'anja, Ayao, Alomwe ndi Angoni. Ena ankamutsekera chitseko poganiza kuti ndi kazitape. Iye ankabweranso sabata yotsatira, mpaka atazolowerana.

Wovuta kwambiri anali a Yobu, nkhalamba yomaliza m'mudzi mwawo kudziwa nyimbo za gule wa ngoma m'Chingoni chenicheni. Anamubweza chaka chathunthu. Tsiku lina anamutumira uthenga kuti abwere ndi makina ake aja, mpweya wayamba kuchepa. Anaimba atatsamira khoma, akupumira m'njira. Sanafike nthawi yokolola.

Pamaliro awo, achibale anafuna kuwaperekeza ndi nyimbo ya makolo awo, koma panalibe woidziwa mpaka kumapeto. Sikina anaika tepi rekoda pampando n'kudina. A Yobu anatsogolera okha nyimbo yawo, adzukulu akuyankha pambuyo, koyamba mokayika, kenako ndi mawu onse.

Owerenga, mwina mwalephera kawiri. Mwina anakusekani chifukwa cha malankhulidwe a kwanu, inu n'kutseka pakamwa. Tsegulani. Funsani, bwerezani, lembaninso. Chimene mukuchita nacho manyazi lero mwina ndi chimene anthu a kwanu adzachisowe mawa. Musataye mtima.