Kudinda Chithunzi cha Apongozi

Ine ndinakwatira ku Lisasadzi ndipo ndimakhala kwawo kwa akazi anga. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ana amandipatsa moni ataimirira, koma pamudzi paja ndine mkamwini basi. Apongozi anga aakazi ndi ine timapewana ndi ulemu wachikale. Tikakumana pa kanjira, iwo amapatukira kumanzere, ine kumanja, n'kupatsana moni aliyense akuyang'ana chimanga chake. Tsiku lina ndinapatuka kwambiri mpaka ndinakatulukira pa msewu wa M1. Ine sindikokomeza, wakabaza amene anandibweza adakali moyo. Ngakhale kulankhulana sitilankhulana mwachindunji. Mawu amadzera mwa akazi anga, olo titakhala moyandikana moti mithunzi yathu ikugundana.

Chaka chimene ndikunenachi fodya anachita bwino. Chigafa chinadzaza mpaka mikangala inayamba kudandaula. Apongozi ndiwo katswiri wosoka fodya pamudzi, singano yawo siioneka ikamayenda, umangomva kamphepo. Koma nyengo imeneyo anayamba kukhala mopendekeka, ndipo anasiya kubereka mdzukulu wawo. Akazi anga ndi amene anandiuza, motsitsa mawu, kuti amayi ali ndi chilonda pamsana, m'munsi mwa phewa. Chinayamba ngati kadontho, sichikupola, chikukula, ndipo m'mphepete mwake mukuda.

Kuchipatala chaching'ono cha kwathu apongozi anakana kuvulira dokotala, chifukwa ndi mnyamata amene amaimba nawo kwaya. Analola nesi yekha. Nesiyo atachiona anati ku Lilongwe kuli dokotala wa matenda a pakhungu, mayi wachikulire, amene amayamba waona chithunzi chotumizidwa pa tsamba la pa intaneti la chipatala chake, kenako n'kunena ngati wodwala afunika kupita. Apongozi anati ulendo wa ku Lilongwe sangauyambe fodya ali m'chigafa chifukwa cha kachilonda. Za chithunzi anavomera, koma anaika lamulo: msana wawo auone mwana wawo ndi mayi wa ku Lilongweyo. Diso lachitatu ayi. Likangouona, nkhani yatha, ndipo chilondacho adzapita nacho kumanda.

Akazi anga anawajambula kubafa dzuwa lili pamutu, ndi foni imene alamu anga, mchimwene wawo, anatitumizira kuchokera ku Joni. Foni imeneyi ili ndi chipatso cholumidwa kumbuyo, ndipo imajambula mopanda chifundo. Inandijambulapo ine imvi zimene zinamera chaka chotsatira. Chithunzi cha apongozi chitalowamo, foniyo inalemera moti akazi anga ankainyamula ndi manja awiri. Izi ndinaziona ndekha.

Netiweki kwathu imapezeka pa chulu cha kuseri kwa dimba. Tinakwera, akazi anga atagwira foni, ine nditatembenukira ku phiri la Kasungu. Tsamba la chipatala linakana. Iwo anandiwerengera mawu ofiira amene linalemba: chithunzi chakula kwambiri, komanso mtundu wake si umene likufuna, likufuna wotchedwa JPG. Ndiye kuti zithunzi nazo zili ndi mitundu ngati fodya, ndipo chathu chinali cha mtundu umene msika wakana.

Njira yodziwika inali kupita pa Boma, kwa anyamata a makompyuta, amene amachepetsa zithunzi. Koma anyamata aja chithunzi amayamba achikopera m'kompyuta yawo, n'kuchikuza pa galasi lalikulu, anthu odikira fotokope ali phee kumbuyo. Chithunzi cha ukwati wathu chinadutsa m'manja ngati amenewo, ndipo chinafika ku Mzimba ife tisanafike kunyumba. Akazi anga sanayese n'komwe kuwauza amayi awo za njira imeneyi.

Ndinaimbira alamu. Anati masamba ochepetsa zithunzi alipo ambiri, koma ambiriwo amayamba atenga chithunzi chako kupita nacho ku makompyuta a kutali, kumene sudziwa amene akuchiona. Kenako anati lilipo lina limene silitenga kanthu. Ukangolitsegula, makina ake amatsikira m'foni mwako, ntchito yonse n'kuchitikira momwemo.

"Alamu," anatero, "si mumadziwa jeke wodindira mabelo a fodya? M'malo monyamula fodya wanu kupita naye kwa mwini jeke, jeke ndi amene akubwera pakhomo panu. Mudinda nokha, chitseko chili chotseka."

Ndinalitsegula tsambalo pa chulu, ndinaliyesa ndi chithunzi cha ngolo yathu chimene akazi anga anandisankhira, ndinatsika nalo lili chitsegukire, ndikuyenda pang'onopang'ono ngati ndasenza madzi odzaza ndowa.

Tinakumana kuchigafa. Apongozi ndi akazi anga anakhala m'kati, kuseri kwa fodya wolendewera. Ine ndinakhala panja pa chitsa, nditawafulatira, ndikuyang'ana mbuzi. Foni inali kwa akazi anga. Ntchito yanga inali kunena pofunika kudina, osacheuka.

"Uwafunse aphunzitsi," anayamba apongozi, "kuti msana wangawu ukalowa m'menemo, utulukira kuti?"

"Akuti utulukira kuti," anatero akazi anga, ngati ine ndinali ku Dowa.

"Muwauze amayi kuti sutuluka. Ukhala m'foni momwemo."

"Akuti sutuluka."

"Ndamva, si ndine gonthi. Uwauze kuti wogula fodya aliyense amati sikelo yake ndi yabwino."

Apa ndinaona kuti mawu okha sathandiza. Ndinawauza akazi anga kuti achotse pini pa bulauzi, abaye kabowo ka m'mbali mwa foni, atulutse simukhadi. Ndinafotokoza, kudzera mwa iwo, kuti kachidutswa kameneko ndiko khomo la foni. Popanda iko palibe cholowa, palibe chotuluka. Kunamveka phokoso la nsalu. Apongozi anali akumanga simukhadi pa ngodya ya chitenje, mfundo ziwiri, pamene amamanga chopereka cha Lamulungu.

"Tsopano adinde tione."

Kunena zoona, nanenso ndinkakayika. Pa chulu paja tsambalo ndinaliyesa netiweki ilipo, ndipo sindinkadziwa ngati alamu ananena zoona kapena anangomva kwa anzawo. Foni yopanda simukhadi ine ndinkaiwerengera ngati tochi.

"Dinani pamene alemba kuti sankhani chithunzi."

"Ndadina."

"Sankhani cha amayi."

"Chabwera. Musacheuke!"

"Ndikuyang'ana mbuzi, mayi."

"Mbuziyo nayo iyang'ane kumbali," anatero apongozi. Ndipo mbuziyo inatembenuka. Pali Mulungu, inatembenuka n'kupita.

Ndinawauza kuti asankhe JPG. Kenako ndinati pansi pali kamzere kokhala ndi kadontho, akakokere kumanzere kuti chithunzi chichepe, n'kudina batani lalikulu. Ndinali ndisanamalize kupuma, akazi anga anakuwa.

"Chatheka! Abambo, chatheka! Chalemba kuti chachepa!"

Ndinakhala pa chitsa paja ndikulingalira. Ganizani bwino. M'chigafa cha udzu, pamalo pamene netiweki sinapondepo chilengedwere dziko, khomo la foni lili pa mfundo ya chitenje, kanthu kosaposa chikhatho kanatenga chithunzi chimene chinakanika kukwera chulu, kanachisintha mtundu, kanachipana, popanda thukuta, popanda amuna anayi okoka chitsulo. Ife belo limodzi timalidinda mpaka misana kulira, jeke akukukuta mano, ndipo mudzi wonse umadziwa kuti kwa uje akudinda. Apa sikunamveke ngakhale kakuti tswa. Ndinaganiza za munthu amene anakhala pansi kwinakwake, kudziko limene sindidzafikako, n'kukonza chinthu chotere, n'kuchisiya poyera kuti aliyense atenge, iye osafuna n'komwe kusuzumira zimene tikuikamo. Munthu ameneyo apongozi anga sakuwadziwa, koma anawasungira ulemu kuposa abale ena. Ndikanakhala ndi chipewa ndikanavula.

Chimwemwe chathu sichinakhalitse.

"Abambo," anatero akazi anga, mawu atasintha. "Chilonda chija palibe."

"Palibe bwanji?"

"Pangotsala mtambo. Msana wonse uli ngati phala."

Ndinafunsa kuti kadontho kaja anakakokera mpaka pati. Anati mpaka kumapeto, pamene kanakana kuyenda. Nanga akanatani? Akazi anga anakulira pa jeke, ndipo pa jeke lamulo ndi limodzi: kanikiza mpaka chitsulo chikane. Kusiya pakati ndi ulesi. Inenso, kunena chilungamo, ngolo ija ndinaipana chimodzimodzi, ndipo ndinasangalala ndi kuchepa kwake osaona kuti yatsala ndi gudumu limodzi.

"Tandionetsa," anatero apongozi. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anaseka, kuseka kwa munthu amene wapeza pothawira. "Basi, chapola. Makina a azungu anena okha. Uwathokoze aphunzitsi, uwauze kuti a ku Lilongwe asavutike."

"Amayi, si choncho," anatero akazi anga.

"Si choncho bwanji? Ukuchiona iwe? Ndipo ngati mwachiononga, mwachiononga. Fodya ukamupana mopyola amada, sabwereranso. Ine kubafa kuja sindivulanso kachiwiri, ndinachita manyazi okwana. Ndipatse singano yanga."

Ndinamva akudzuka, masamba a fodya akukhwekhwereza pamutu pawo. Ndinkawadziwa apongozi anga. Akatuluka m'chigafa muja nkhani ikhala yatha, fodya adzasokedwa, adzadindidwa, adzapita ku okushoni, chilonda chikukula pansi pa bulauzi. Kudzera mwa akazi anga mawu akanachedwa, ndipo mawu a mwana wawo anali atawakana kale.

"Amayi," ndinatero ndekha, maso ali pa chitsa. "Chonde khalani pansi."

Ku Lisasadzi konse kunati zii. Nkhuku imene inkaikira kuseri kwa nkhokwe inabweza dzira. Chikwatire changa ndinali ndisanawalankhulepo mayi amenewa mwachindunji, ndipo mawu anga omwe anandidabwitsa, anatuluka ang'onoang'ono ngati a mwana wa Sitandade 1.

"Chilonda chilipo, amayi. Tachibisa ndife. Koma ichi si fodya. Chithunzi chachikulu chija chidakalimo, sichinakhudzidwe. Makinawa amapana china, choyambacho n'kuchisiya. Simuvulanso. Ndikupempha kamphindi."

Ndinamva mphasa ikulira.

"Ndakhala, bambo," anatero. Kwa ine. "Koma mbuzi zanu zija muziyang'anabe."

Tinayambiranso. Akazi anga anasankha chithunzi chachikulu, ndipo chinabwera chathunthu ngati sichinaonepo jeke. Apongozi anati "Ii!" motsitsa, ndipo ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene anachiona bwino chilonda chawo koyamba, pakuti munthu saona msana wake. Sanasekenso. Kadontho kaja tinakayendetsa pang'onopang'ono, ine ndikufunsa, iwo akuyankha.

"M'mphepete mwakuda muja mukuoneka?"

"Mukuoneka."

"Kokaninso pang'ono. Nanga pano?"

"Mukuonekabe. Ngakhale kachipsera ka mphini kali pambali kakuoneka."

"Zimenezo usawauze!" anatero apongozi.

"Sindinamve, amayi."

Tinaima pamene nambala ya kukula kwake inatsika kufika pa imene chipatala chinkafuna, chilonda chidakali chilonda. Apongozi anamasula mfundo, anapereka simukhadi, koma anati pa chulu apita nawo, aone ndi maso awo kuti msana wawo ukupita kwa mayi mnzawo osati kwina. Tinakwera atatu, ine patsogolo, ndipo pamwamba ndinatembenukira kuphiri monga kale. Chithunzi chimene chinkakana dzana chinapita ngati mpheta. Akazi anga anati mawu abwera obiriwira. Kenako apongozi analamula kuti zonse zifufutidwe m'fonimo, chachikulu, chaphala ndi chabwino chomwe, ndipo batani lofufutira analidina okha ndi chala chakuda ndi utomoni wa fodya.

Yankho linabwera sabata isanathe. Akazi anga analitenga pa chulu n'kudzaliwerenga kuchigafa, amayi awo akusoka. Dokotala anati chithunzi chaoneka bwino lomwe, ndipo zimene waona sizofunika kudikira kuti fodya agulitsidwe. Abwere msanga.

Singano inaima. Apongozi anayang'ana mulu wa masamba amene anali asanasokedwe, ndipo unali mulu woti munthu akakwera pamwamba pake amaona Zambia. Anaibaya singanoyo pa nsanamira.

"Uwauze aphunzitsi," anayamba, kenako anasiya. "Bambo, kusoka mumatha?"

"Ndimayesa, amayi."

"Mumaononga, ndinakuonani. Koma sokani."

Anapita ndi akazi anga pa minibasi ya m'mawa. Chilondacho anachidula, ndipo dokotala anawauza kuti afika mizu yake isanalowe pansi. Anabwera ndi bandeji pamsana, atalamulidwa kusanyamula kanthu mpaka apole. Fodya amene ndinasoka ine anagwa pa mikangala usiku woyamba womwe, yense, ndipo pambuyo pake ogula anadzamupatsa giredi imene inali isanakhalepo. Atabwera, apongozi anakhala pa mpando pakhomo la chigafa, n'kumandisoketsanso tsamba ndi tsamba, akundidzudzula pamaso.