Tsiku Limene Ndinathamangitsa Atate m'Pemphero

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mwina khumi, pamene ndinatsala pang'ono kuthamangitsa atate anga ndi pemphero. Zaka zenizeni sindikuzidziwa, chifukwa amayi ankangoti ndinabadwa chaka chimene dzombe linadya mapira. Chimene ndikukumbukira n'chakuti nkhondo ya Ajeremani inali itatha, ndipo amuna amene anakasenza katundu wa asilikali anali atabwerako. Mudzi wathu unali chakufupi ndi Sinda, pamtunda woti mwana n'kuyenda osatopa kukafika pa mishoni, pamene ndinkaphunzira kulemba pa sileti.

Atate anga, aPhiri, anali ocheka matabwa. Ana a masiku ano amayesa thabwa limamera m'sitolo, choncho ndifotokoze. Ankakumba dzenje lakuya kuposa msinkhu wa munthu, n'kugoneka chipika pamwamba pake, n'kuchilemba mzere ndi chingwe chopaka makala. Macheka ake anali aatali, a zogwirira kuwiri konse, ndipo munthu mmodzi sakanatha kuwakoka. Wina ankaima pamwamba pa chipika kulondola mzere. Wina ankalowa m'dzenje kukokera pansi, utuchi wonse n'kumamuthira m'mutu ndi m'maso. Wapamwambayo ndiye anali mwini ntchito. Atate anali apamwamba, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Wam'dzenje anali amalume anga a Sitefano, mlongo wawo wa amayi, munthu wanthabwala amene ankatuluka m'dzenjemo ali psuu ndi utuchi wa mlombwa, n'kuyamba kutithamangitsa ana mpaka tidzigwetse ndi kuseka.

Kenaka amalume anapita ku Halale, kutali kum'mwera, kukafuna ntchito, monga ankachitira amuna ambiri msonkho ukawapanikiza. Mvula inagwa, inatha, inagwanso, koma iwo zii. Macheka a atate anangokhala pakhonde, atapakidwa mafuta a nsatsi kuti asachite dzimbiri.

Ndiye mungamvetse chimwemwe chimene chinali pakhomo pathu titamva kuti pa mishoni akumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chofuna zitseko, mabenchi ndi matabwa a denga. Atate anatsitsa macheka aja n'kukhala tsiku lonse akuwanola ndi tupa, akuimba nyimbo za m'tchalitchi ndi mawu awo oipa aja. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Mzungu wa pa mishoni anali ataitanitsa kale wocheka matabwa kuchokera ku Nyasalande, dzina lake a Kamwendo, amene anachekapo pa mishoni ina kwawoko. Anafika ndi macheka awoawo.

A Kamwendowo anali munthu wamfupi, wolankhula motsitsa. Anabwera okha kwathu, anakhala pansi, anaomba m'manja mwaulemu.

"APhiri, ndamva kuti macheka mumawadziwa. Ine ndili ndekha. Bwerani tizicheka."

"Pamwamba azikhala ndani?" anafunsa atate.

"Ntchitoyi anapatsa ine."

"Ndiye pitani bwino."

Mlendoyo atangokhota kuseri kwa nkhokwe, atate anaphulika. "Ine ndilowe m'dzenje, utuchi wa munthu wobwera uzindigwera m'maso, m'dziko lathu lomwe lino? Kuli bwino ndipite ku Halale!" Tinkayesa ndi ukali chabe, koma ankanenadi. Panali gulu la amuna limene linkakonzeka kunyamuka tikatha kukolola, ndipo atate anauza amayi kuti awakazingire nsawawa za kamba wa paulendo. Halale sindinkamudziwa, koma ndinkadziwa kuti anatenga amalume osawabweza. Ndinayamba kudana ndi a Kamwendo ndi mtima wanga wonse, ngakhale kuti munthuyo ndikamadutsa pa dzenje lake popita kusukulu ankandipatsa moni ngati munthu wamkulu.

Pano ndiyenera kutchula amayi anga aakulu, a Naomi, mkulu wawo wa amayi. Mudzi wathu unali wa kuchikazi. Atate anachokera kumapiri a ku Vubwi kudzakwatira, n'kukhala pa chikamwini monga mwa mwambo wathu. Anali atakhala zaka zambiri, atalima, atamanga, atabereka, koma mbuzi yawo ikangolowa m'dimba la a Naomi, mawu anali omwewo: "Inu aPhiri musatokote pano. Ndinu obwera." Ndinawamva mawuwa kambirimbiri moti sankandipweteka n'komwe. Ndinkangowatenga ngati dzina lina la atate.

Pakhomo pathu tinkapemphera m'mawa uliwonse tisanapite kumunda. Tinkagwada pamphasa pakhonde, atate, amayi, ine ndi mlongo wanga wamng'ono amene ankangogona chogwada. Atate pemphero sankalifupikitsa. Mawondo ankachita dzanzi, nkhuku zinkabwera kudzatijompha zala za kumapazi, iwo akadali pakati. Tsiku lililonse ankapempherera amalume. Ankati, "Mufewetse mitima ya eni dziko kumeneko, Ambuye. Amulandire, amupatse ntchito, asamuone ngati wodzawalanda chakudya." Ndipo chibwerere a Kamwendo anawonjezapo chigawo china: "Obwera amene adzaza ntchito za ana a dziko lino, muwakumbutse kwawo, Ambuye. Abwerere." Ameni wa amayi pa chigawo chimenechi ankamveka wofooka. Wanga ndiye ankamveka mpaka kwa a Naomi, chifukwa ndinkaona kuti a Kamwendo akachoka, atate akhala.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho atate anadwala chifuwa, mawu n'kutsekeka. M'mawa wina titagwada, anandikodola n'kunong'ona kuti, "Esitere, lero upemphere ndiwe."

Ndinanyada kwabasi. Kusukulu aphunzitsi anali atatiphunzitsa kupemphera mokweza, ndipo anatiuza kuti kwa Mulungu munthu sazungulira, amanena chinthu ndi dzina lake. Ine ndinaona kuti apa ndi pamene atate ankalakwitsa. Ankangoti obwera, obwera, osatchula maina. Nanga Mulungu adziwa bwanji woti ayambe naye? Ndinatsimikiza mtima kuti ntchitoyi ndiigwira bwino kuposa iwo.

Ndinakhosomola ngati atate, n'kuyamba. Za mvula ndi za odwala ndinangodutsapo mothamanga, kufulumirira nkhani yanga.

"Obwera onse abwerere kwawo, Ambuye. A Kamwendo abwerere ku Nyasalande. Amalume achoke ku Halale abwerere kuno, chifukwa nawonso kumeneko ndi obwera. Aphunzitsi abwerere kwawo kwa Angoni. Mzungu wa pa mishoni ndi adona ake abwerere kumene anachokera."

Ndinamva amayi akusuntha pamphasa, koma ine pakamwa panali patatentha. Ndinayamba kuyenda m'mudzi mwathu ndi maganizo, nyumba ndi nyumba, kufunafuna obwera, kuti pasatsale ngakhale mmodzi. Ndinabweza amuna awo a Naomi. Ndinabweza mkamwini wa nyumba yotsatira. Ndipo lilime linafika pakhomo pathu nzeru zisanafike.

"Atate abwerere ku Vub..."

Ndinaima. Ndinaona m'maso mwanga, chitsinzinire, atate atasenza mphasa yawo akulowera kumapiri, ndipo wowapitikitsa ndine, pamaso pa Mulungu amene aphunzitsi anati samaiwala mawu. Ndinalira kulira kwenikweni, kwa mamina.

"Ayi, Ambuye, zimenezo musamve! Atate ndi obwera koma ndi athu. Asapite ku Vubwi, asapitenso ku Halale. Angolowa m'dzenje basi. Alowe m'dzenje, Ambuye!"

"Iwe mwana!" anakuwa amayi. "Dzenje liti? Nena bwino, Mulungu angayese ukunena la kumanda!"

"La macheka!" ndinakuwa nanenso. "La macheka, Ambuye! Ameni."

Amayi anayesetsa. Anadziluma mlomo, anabisa nkhope m'nsalu, koma mapewa anawaulula, ndipo potsiriza anagwa chammbali pamphasa ndi phwete. Mlongo wanga anadzidzimuka n'kunena Ameni wake mochedwa. Atate okha sanaseke, ndipo Ameni sananene. Ananyamuka n'kukakhala pa mtondo wogwa kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinadziwa kuti lero kuli mkwapulo, moti ndinayamba kusankhiratu mbali yoti ndiipereke.

Dzuwa litakwera atate anandiitana. M'manja munalibe kanthu.

"Anakuuza ndani kuti ine ndine wobwera?" Mawu anali a manong'onong'o chifukwa cha chifuwa chija.

"Amayi aakulu."

"Nanga iwe ukuti bwanji?"

"Ine ndikuti ndinu atate."

Anakanda dothi ndi kamtengo. Kenaka anafunsa funso limene sindinaliyembekezere. "A Kamwendo aja ali ndi mwana?"

"Kaya."

"Nanenso kaya," anatero. "Sindinawafunse."

Ndikananama ndikanati m'mawa mwake anathamangira ku mishoni. Atate sanali munthu wotembenuka msanga. Nsawawa za kamba zinakhalabe m'thumba lake pakhoma, ine n'kumaliyang'ana thumbalo ndikadzuka ndi pokagona. Mawu atabwerera anayambanso kutsogolera pemphero, koma akafika pa amalume ankachedwapo, ngati munthu woponda pa miyala ya mumtsinje. Ankati eni dziko amulandire, amupatse ntchito, n'kulekera pomwepo. Chigawo cha obwera sanachinenenso. M'malo mwake tsiku lina anangoti, "Ndi onse amene ali kutali ndi kwawo, Ambuye, muwaone." Ameni wa amayi anabwerera mphamvu.

Amuna a ulendo wa ku Halale atabwera kudzawatenga, atate anatuluka n'kukhosomola chifuwa chimene tonse tinkadziwa kuti chinatha kale. "Tsogolani, anzanga. Ine m'chifuwamu simuli bwino." Anthuwo atapita, anatsitsa thumba la nsawawa lija, n'kulikoleka paphewa, n'kulowera njira ya ku mishoni. Macheka awo anawasiya pakhonde.

Anabwerako dzuwa likulowa, ali psuu kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati amalume kale. Thumba linali lopanda kanthu. Anakhala pampando wawo, ine n'kuima kumbuyo kwawo kuyamba kuwachotsa utuchi m'tsitsi ndi zala. Unkanunkhira mlombwa. Sindikudziwa ngati ndinakondwapo chotero tsiku lina lililonse la ubwana wanga.

"Mnyasa ujatu amakhotetsa mzere," anatero atate. Kenaka, motsitsa: "Ali ndi mwana wamkazi. Msinkhu wako. Anamusiya kwawo."

Kudandaula za mzere sanasiye mpaka ntchito inatha, ndipo a Kamwendo ankangoseka. Patapita milungu ingapo a Kamwendo anayamba kunena kuti msana ukuwapweteka ndi kuwerama pamwamba, mwina azisinthana. Atate anadziwa kuti ndi bodza, a Kamwendo anadziwa kuti atate adziwa, ndipo anayamba kusinthana. Lamulungu lililonse a Kamwendo ankadzadya kwathu. A Naomi atawaona koyamba anati, "Obwera achulukatu pakhomo pano," atate n'kuyankha kuti, "Eya, mlamu, tikusonkhana." Aka kanali koyamba kumva atate akuseka mawu amenewo.

Tchalitchi chitatha, a Kamwendo anabwerera kwa mwana wawo, atate atawasenzera macheka mpaka pa msewu waukulu. Ntchito zotsala za pa mishoni zinagwera atate, ndipo ku Halale sanapondeko moyo wawo wonse. Amalume anadzabwera ine nditakwatiwa kale. Anatiuza kuti kumeneko aliyense wochokera kumpoto ankangomutcha Mnyasa, iwonso anakhala Mnyasa zaka zonsezo. Atate anaseka mpaka chifuwa chenicheni chinawagwira.

Tsopano ndakalamba. Ana anga ena ali ku migodi, ndipo ndimawapempherera ndi mawu omwe aja a atate, kuti eni malo awalandire. Ndikapita kumsika ku Katete ndimamva anthu akudandaula za obwera a ku Malawi ndi a ku Mozambiki amene akuti atha maganyu. Sindiwaseka. Mantha a atate anali enieni. Munthu wosowa ntchito sagona, ndipo si tchimo kupempha Mulungu kuti ana ako adye. Chimene ndinaphunzira pamphasa paja n'chochepa chabe. Mawu akuti obwera ndi opepuka ukawanena onse pamodzi, koma ukayamba kutchula maina, nyumba ndi nyumba, sumachedwa kufika pakhomo pako.

Mabenchi ena a tchalitchi chija alipobe. Ndikakhalapo ndimasisita thabwa lake ndi dzanja, ndipo sindingathe kudziwa limene anacheka atate ali pamwamba ndi limene anacheka ali m'dzenje. Tikagwada, wotsogolera n'kuyamba kupempha kuti Mulungu achotse akutiakuti pakati pathu, ine Ameni wanga ndimayamba ndamugwira. Ndimayamba ndayang'ana bwino m'gulu limene tikulithamangitsalo, kuopa kuti mwina atate alimo.