Siteji ya Pabafa

Dera limene ndinakulira, kumtunda kwa Bangwe, linatenga dzina kuchokera ku bafa lathu. Bafalo linali la masaka ndi mitengo ya bulugama, lopanda denga, pafupi penipeni ndi pamene maminibasi ankatsitsira anthu. Makondakitala ankasowa chotchulira malowo, ndiye ankangokuwa kuti, “Wotsika Pabafa!”

Chilimwe china, ndili sitandade 5, komiti ya m’deralo inalengeza mpikisano wosankha dzina loyenera. Pampopi anaikapo chitini cha mafuta ophikira chobooledwa pamwamba, kuti aliyense alembe dzina pakapepala n’kuponyamo. Woyang’anira anali aphunzitsi athu, bambo a ku Rumphi osavula tayi ngakhale mu Okutobala. Iwo ankati dzina likhale “lolembeka pa envelopu popanda manyazi.”

Amayi anautenga mpikisanowo ngati chisankho cha dziko. Dzina lawo linali Chisomo, ndipo anayenda nalo khomo ndi khomo, kuchigayo ndi kutchalitchi komwe. Amalume, amene tinkakhala nawo, ankafuna Dubai, ati fumbi lake n’lofanana. Wina analemba Madzimawa, ponyoza mpopi wathu wouma uja.

Ine ndi anzanga tinang’amba kope langa lonse la masamu. Pakapepala kalikonse tinalemba Pabafa, tikusinthana zolembera kuti lisaoneke dzanja limodzi. Ndimakumbukabe inki yabuluu m’zala ndi fungo la mafuta akale potsegula chitinicho. Lero, monga mtolankhani, ndingalembe mosazungulira kuti tinabera mavoti. Tsiku limenelo tinkaseka mpaka kugwa pansi.

Anawerengera pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mutu. Lamulo linali lakuti kapepala kalikonse kawerengedwe mokweza, ndipo aphunzitsi omwe analiikawo ndiwo ankawerenga. “Pabafa. Pabafa. Dubai. Pabafa.” Thukuta linanyowetsa kolala yawo. Anthu ankaimba mluzu. Potsiriza anavula magalasi n’kufunsa kuti, “Abale inu, ana anu akapita ku koleji azikati kwathu n’kuti?” Amalume anayankha ali kumbuyo kuti, “Azikati kwathu timasamba!” Amayi anaima pambali atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, osaseka.

Komiti inakana zotsatirazo n’kulemba Chisomo pachikwangwani. Ndi zimene zimandinyansa mpaka pano: kufunsa anthu, kenako kuwayankhira. Palibe kondakitala amene anachiwerenga. Ukanena kuti utsika pa Chisomo, ankakupitirira nawe mpaka kumapeto kwa msewu.

Loweruka lotsatira amayi anauza amalume kuti asamutsire bafa kuseri kwa nyumba. Bafa linasamuka, dzina linatsala. Ine amayi anangondifunsa kamodzi kuti, “Kope lako la masamu lili kuti?” Ndinati latayika. Anandiyang’ana zala.

Ndinkaganiza kuti akwiyira kope. Sindinkadziwa kuti amayi ankasamba m’bafamo m’mawa uliwonse asanapite kokasoka ku Limbe, nthawi imene maminibasi amachuluka, ndipo masaka aja ankawalekeza m’mapewa. Ine ndinkamva dzina la siteji. Iwo ankamva amuna akukuwa, galimoto yodzaza anthu itaima pamsana pawo.

Mwezi uno achinyamata a m’deralo ayambitsanso mpikisano, pano pafoni. Ambiri mwa iwo bafalo sanalionepo, koma akuti dzinalo ndi chikhalidwe chawo. Amayi foni yawo ndi ya mabatani, ndiye andituma kuti ndiwavotere. Ndavota kamodzi, Chisomo. Zotsatira zituluka Loweruka, ndipo Pabafa likutsogola kutali.