Mitengo ya m'Dimba Langa

Dimba limenelo linali langa. Anandisiyira amayi anga, nawonso anasiyiridwa ndi amayi awo, m'mbali mwa mtsinje wa Likangala pamene madzi amayamba kufatsa asanalowe m'Chilwa. Amuna anga anachokera ku Songani kudzakhala chikamwini kwathu. Ntchito yawo inali usodzi, khasu ankaligwira mwa apo ndi apo.

Ndiye kunabwera anthu a bungwe lina pa galimoto yoyera. Anati tikamalima mpaka m'mphepete, dothi limagumukira mumtsinje n'kukakwirira nyanja. Pamenepo sananame, tinkaziona tokha. Anati wosiya dimba n'kubzalamo mitengo azilandira thumba la chimanga pakapita miyezi ingapo. Koma pamsonkhano anaitana eni nyumba kuti abwere kutsogolo. Amayi tinatsala kumbuyo pa mphasa, abambo n'kumadinda chala. Kaya kwawoko munda umakhala wa mwamuna, sindidziwa. Sanafunse, ndipo mkamwini wopatsidwa mpando pagulu akanaulula bwanji kuti nthaka si yake?

Titafika kunyumba ndinawafunsa amuna anga kuti, "Bambo, mwapereka dimba la ndani?"

"Iii, mayi, chimangacho si chizilowa m'nyumba mwanu momuno?"

Ndinangoti chabwino. Mikangano inali itanditopetsa kale.

Mbande ndinabzala ndine. Kuthirira ndine, ndowa pamutu mwana kumsana, kupirikitsa mbuzi ndine ndemwe. Ndisaname, timitengoto ndinayamba kutikonda. Matumba oyamba anabweradi, tinadya.

Kenako mvula inavuta, nyanja inaphwa. Mabwato anangoti mbwee pa matope ong'aluka, matemba osaoneka. Amuna anga anatsagana ndi anzawo ku Malombe, ati akabwera akapeza kangachepe. Tinadikira mpaka kusiya kuyang'ana kunjira. Chimanga cha kumunda wa kumtunda chinapsa chisanabereke, ana anga atatu n'kumagonera phala la gaga.

Tsiku logawa chimanga ndinanyamuka ndi thumba lopanda kanthu. Kalaliki wa bungwelo, bambo waulemu ndithu, anandiyang'ana mwachisoni.

"Pepani amayi, chala chinadindidwa si chanu. Abwere eni ake."

"Eni ake a chiyani? Dimba ndi langa, mitengo ndathirira ndine! Funsani aliyense pano!"

Amayi anzanga anavomera kuti n'zoona. Kalaliki anati akumva, koma lamulo linachokera kumtunda, iye sangalisinthe. Ndinapsa mtima kwambiri. Ndinapinda thumba langa n'kuliika m'khwapa, ulendo wa kunyumba.

M'dera lonse la kwathu, nthaka yokhala ndi chinyontho inali ya m'dimba mokhamo. M'mawa mwake ndinatenga khasu. Mitengo ina inali itandifika m'chiuno. Ndinaizula umodziumodzi ndikulira, n'kubzala chimanga ndi maungu mpaka m'mphepete penipeni. Ana anga anapulumukira pamenepo, ndipo sindinapepese kwa munthu.

Mvula itabwerera mwamphamvu, Likangala anasefukira n'kudya gombe lonse pamene panali mitengo paja. Theka la dimba linapita m'Chilwa ndikuona. Anthu a galimoto yoyera aja ananena zoona, inenso sindinalakwe, koma kutopa kwake ndi komweko. Mwana wanga wamkazi wakwatiwa tsopano, ali ndi ake ana. Tsiku lina ndinapita naye kukamuonetsa malire a dimba lake, iye anangoima n'kundifunsa kuti, "Amayi, ndi lomweli basi?"